Mayi Ludzu ndi Nyumba Yobwereka

Ku ofesi yoona za ana olakwira malamulo kunali mayi ena amene dzina lawo lenileni linkadziwika ndi amuna awo okha, mwinanso ndi wosunga mafayilo a antchito. Ena onse ankangoti Mayi Ludzu. Ana ankatero, makolo ankatero, ndipo tsiku lina dzinali linapulumuka ngakhale pakamwa pa woweruza wa khoti la ana, moti anachita kutsokomola kuti anthu asamve bwino.

Anali mayi afupi, athupi, a bondo limodzi lovuta limene linkalosera mvula kuposa a pawailesi. Nsapato zawo zinali zakuda, zafulati, zodyeka mbali imodzi chifukwa cha bondo lomwelo. M'chikwama mwawo munkakhala fayilo ya tsikulo, mpango wopukutira thukuta, maswiti a chifuwa, ndi cholembera chomangirira ku chingwe, poti ana amene ankawayendera sanali ana osiya cholembera chili chokha patebulo.

Ntchito anaiyamba ali mtsikana, koma osati yoyendera mabanja. Ankatayipa. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anakhala pakona pafupi ndi zenera, akutayipa malipoti a anzawo amene ankapita m'makomo. Malipotiwo ankafanana ngati mazira. Nyumba ndi yaukhondo. Makolo akuoneka ogwirizana. Mwana ndi waulemu. Pakatha miyezi itatu dzina la mwana waulemu uja linkabweranso patebulo pawo, ulendo uno atathyola loko wina. Tsiku lina analimba mtima n'kufunsa mkulu wina woyendera mabanja kuti kodi zimatheka bwanji kuti nyumba zonse zikhale zaukhondo. Mkuluyo anaseka n'kunena kuti, "Iwe ukamva kuti kukubwera mlendo, susesa?"

Yankho limeneli linawakhala pamtima. Anayamba maphunziro a Loweruka, mayeso oyamba anagwa nawo, achiwiri anakhoza, ndipo atapatsidwa fayilo yawo yoyamba anali atadziwa kale kuti pansi posesa sipanena kanthu.

Ndiye anapeza njira yawoyawo. Akafika pakhomo, akapatsidwa mpando, moni akatha, ankagwira pakhosi n'kunena kuti, "Ludzu, abale. Mwanayu andipatseko madzi." Mayi a mwana akafuna kudzuka, iwo ankawagwira mkono. "Khalani, mayi, ticheze. Ali ndi miyendo uyu." Kenaka ankacheza ndi pakamwa, maso ali pa mwana. Ankaona ngati mwanayo akuzemba podutsa pafupi ndi bambo ake. Ankaona ngati akuyamba wayang'ana kumaso kwa munthu asanagwire kapu. Ankamvetsera ngati wina amukalipire kuti watenga kapu yolakwika, ndi mawu amene amukalipire nawo. Ulendo wochoka pampando kukafika kumadzi ndi waufupi, koma Mayi Ludzu ankati muli nkhani yambiri kuposa m'masamba anayi a mafunso.

Vuto linali lakuti madziwo ankayenera kumwedwa. Makomo asanu, makapu asanu. Panalibe msewu m'mbali yawo yonse umene sankadziwa pamene munthu angatayire madzi mwaulemu: kuseri kwa sitolo yamankhwala, kutchalitchi kwa mlonda wachifundo, kumalo omwetsera mafuta kumene kiyi amapachika pa chipika chachikulu. Amuna awo, makaniko wopuma pantchito, ankauza alendo kuti, "Anzanga anakwatira akazi, ine ndinakwatira thanki."

Lolemba lina anapeza fayilo yatsopano patebulo. Inali ya mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Mnyamata wopereka katundu m'makomo anasiya njinga yamoto ili ndi kiyi, n'kulowa m'sitolo ndi katoni. Mtsikanayo anaikwera. Anayenda nayo mtunda wosakwana nyumba zisanu, n'kukalowa nayo pachitseko chagalasi cha saluni. Palibe anavulala kupatula chibwano chake, koma mayi wina anathawira mumsewu tsitsi litalukidwa mbali imodzi, ndipo nkhaniyo inaseketsa ofesi yonse. Pofika nthawi ya tiyi mtsikanayo anali atapatsidwa kale dzina lakuti Dalaivala.

Mayi Ludzu anaseka nawo, koma atatembenuza tsamba kuseka kunatha. Aka sikanali koyamba. Chaka chathacho Dalaivala anagulula dzino la mnyamata wa m'kalasi mwake, ndipo anangochenjezedwa. Tsopano khoti linkafuna lipoti pofika Lachisanu, kuti ligamule chimodzi mwa ziwiri: mwanayo akhale kwawo akuyang'aniridwa, kapena apite zaka ziwiri kunyumba yosungirako ana olakwa, imene aliyense ankangoitcha kumpanda. Mayi Ludzu ankakudziwa kumpanda. Mabedi ake anali oyala bwino, chakudya chinalipo. Koma ana ankabwerako atazolowera kuyankha akuyang'ana khoma, ndipo iwo sankatumizako mwana pokhapokha njira zina zonse zitatsekeka.

Pachikuto cha fayilo, adilesi imene apolisi analemba inali itakhwatchidwa, pamwamba pake wina atalemba ina ndi inki yabuluu. Lachiwiri masana Mayi Ludzu anatsata yabuluuyo.

Unali msewu wa mitengo mbali zonse, wa mageti opaka utoto. Asanagogode n'komwe, geti linatseguka, n'kutulukira mayi wamtali wa wigi yonyezimira ndi ndolo zofika m'mapewa.

"Fikani, bwana, fikani. Nsapato musavule, kapeti ndi wakale uyu."

"Bwana tawasiya ku ofesi, mayi, amayenda pagalimoto. Inu ndinu mayi ake a mwana?"

"Ndine mayi ake aakulu. Omubereka ndi awa, mng'ono wanga. Tonse timakhala muno, denga limodzi, mphika umodzi."

Pabalaza panali ponunkhira polishi. Mng'onoyo, mayi wowonda wa manja otuwa ngati okhalitsa m'madzi a sopo, anakhala kumapeto kwenikweni kwa sofa, chikwama chake atachikumbatira pamiyendo. Mayi Ludzu anali atalowa m'nyumba zambiri, ndipo anali asanaonepo munthu wofungatira chikwama pabalaza pake pomwe. Pambali pake panali Dalaivala, yunifomu yosita bwino, mawondo pamodzi, pulasitala pachibwano, maso kudenga kumene kunkalendewera nyali ya magalasi ambirimbiri.

Mafunso onse ankayankha ndi mayi aakulu. Mwanayu amadzuka nthawi yanji? Faivi, kusesa nyumba yonse. Amawerengera pati? Patebulo ili, tsiku ndi tsiku, mpaka timachita kumulanda buku. Pakhoma panali zithunzi zisanu ndi zitatu za mnyamata mmodzi wa makutu aakulu, kuyambira ali wakhanda mpaka atavala mkanjo womalizira sukulu. Cha mtsikana panalibe.

Mayi Ludzu anagwira pakhosi. "Ludzu, abale. Mwanayu andipatseko madzi."

Mayi aakulu anadzuka msangamsanga. "M'furiji muli zoziziritsa kukhosi, ndikutengereni."

"Shuga, mayi, adokotala anandiletsa. Khalani ticheze. Ali ndi miyendo uyu."

Dalaivala anadzuka. Anatsegula chitseko choyamba, chinali cha kubafa. Anatseka bwinobwino n'kutsegula chachiwiri. Kukhitchini kunayamba kumveka zitseko za makabati, ichi tsegu, icho tsegu, kenaka zivundikiro za mapoto zikugwa.

"Kumanzere, mwana iwe, m'mwamba," anatero mayi aakulu mokweza, kenaka anamwetulira mlendo. "Tsiku lililonse amaiwala. Mutu wa bambo ake."

Panapita kanthawi. Mtsikanayo anabwera atagwira ndi manja awiri chigalasi chachitali chopyapyala pakhosi, cha milomo yopindikira kunja. Chinali choikamo maluwa. Anagwada n'kupereka mwaulemu wonse. Mayi ake anatseka maso.

Mayi Ludzu analandira, napendeketsa mutu kuti mphuno ipeze malo, n'kumwa mpaka theka.

"Madzi okoma," anatero. "Akumveka kumunda."

Anapempha kuona pogona mwana. Chipinda chinali chachikulu, bedi loyala nsalu ya pinki imene inali ikadali ndi mizere ya m'paketi. Pakhoma panali zithunzi za anyamata ampira, ndipo pansi pa bedi panasuzumira nsapato zazimuna zazikulu ngati mabwato. Sanalembe kalikonse. Anathokoza, anayamikira makatani, n'kutuluka.

Pokwerera basi panali benchi yachitsulo pansi pa kadenga. Anakhala pamenepo, natambasula mwendo wovuta uja, n'kuponya switi mkamwa. Basi yoyamba inabwera, anaisiya. Yachiwiri, kondakitala anachita kuwakodola, iwo anapukusa mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yachitatu itangodutsa, pakona panatulukira anthu awiri. Mayi wowonda uja ananyamula jumbo ya mabuku akusukulu. Dalaivala anali atavula kale masokosi n'kuwapachika paphewa, akutsanzira ndi manja mmene mlendo anamwera madzi. Atakweza maso, manja anangouma m'malere.

"Bwerani mudzakhale, mayi," anatero Mayi Ludzu akusendera. "Benchi ndi ya tonse. Mukukwera iti?"

Mwana ndiye anayankha. "Yopita kumatayala."

"Nanenso ndikwera yomweyo."

Mayi uja anakhala pa benchipo. Anayang'ana chikwama cha Mayi Ludzu nthawi yaitali. "Ndiye mwalemba kale?"

"Ndilembe chiyani? Kwanu sindinafike."

"Akulu anga anati mukangoona kwathu, mwanayu mumutenga lero lomwe. Anati anthu a boma amayang'ana nyumba." Mawu awo anali apansipansi. "Ine bodza sindilitha, mwaona nokha."

"Ndaona. Mukanakhala wolitha bwenzi ndikudandaula kwambiri."

Anatsikira pa malo omatira matayala. Pakati pa shedi ya matayala ndi khoma la nyumba ina panali kanjira koti munthu wathupi adutse chammbali, ndipo Mayi Ludzu anadutsadi chammbali, chikwama chili pamutu. Kuseri kunali zipinda ziwiri. Pachingwe panali mashiti anayi ndi pepala lapulasitiki loyala pabedi. Chitseko chisanatsegulidwe, m'kati munamveka mawu okokera mbali imodzi.

"Mwandisiya ndi mkazi wa wamatayala maola atatu. Amayimba. Ndalakwanji ine?"

Anali agogo ake aamuna a Dalaivala, bambo a amayi awiri aja. Anagwira ukondakitala wa basi zaka makumi atatu, kenaka matenda anawapha dzanja ndi mwendo wakumanzere n'kuwapotoza pakamwa. Koma theka la pakamwa limene linatsala linkagwira ntchito ya anthu awiri. Anamuyang'ana mlendo kuyambira kunsapato.

"Wapolisi uyu?"

"Ayi, bambo. Ndine woyendera mabanja."

"Mwanenepa nawo mabanjawo."

"Bambo," anatero mwana wawo mwamanyazi, koma Mayi Ludzu anali akuseka kale mpaka bondo kuwawa.

Chimene anaona kenaka sanachiiwale. Mtsikana uja amene kunyumba ya makatani ankasochera pakati pa zitseko ziwiri, muno ankayenda ngati wotseka maso angathe. Anakoleka yunifomu pamsomali, anasamba m'manja, analowetsa dzanja pansi pa agogo ake kuti amve ngati shiti yanyowa. Anaponda m'mphepete mwa bedi ndi bondo, anapinda mkono wakufa uja pachifuwa, n'kuwatembenuza kamodzi kokha, munthu wamkulu wolemera kuposa iye. Anawapaka mafuta pamsana ndi m'zidendene. Podutsa ndi beseni anasiya kapu yamadzi m'manja mwa Mayi Ludzu osawayang'ana n'komwe, ndipo iwo anali asanapemphe.

"Pang'onopang'ono, Dalaivala," anatero agogo. "Ine si njinga." Dzina lija linali litafika kale kuno, ndipo amene ankalikonda kwambiri anali iwowo.

M'chipindamo munali fungo, inde, la munthu wogona nthawi yaitali, losakanikirana ndi la sopo. Munalinso ukhondo wa mtundu wina, wosakonzera mlendo. Mayi Ludzu anakhala pa mpando wokhawo umene unalipo n'kutulutsa cholembera chapachingwe chija. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Bambo a mwanayo anachoka iye asanayambe kuyenda. Mayi ake ankachapa zovala ku hotela, kuchoka kusanache bwino, kubwera dzuwa litapendeka kwambiri, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu. M'mawa agogo ankawasuzumira ndi mkazi wa wamatayala. Kuyambira wani koloko, sukulu ikaweruka, anali a Dalaivala. Zinayamba ali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

"Anzako umacheza nawo liti?" Mayi Ludzu anafunsa mtsikanayo.

"Pabuleki."

"Nanga mnyamata wa dzino uja anatani?"

Mtsikanayo anafinya kansalu m'beseni. "Ankauza anthu kuti ndimanunkha mikodzo ya nkhalamba."

"Linali dzino lobooka kale," anatero agogo. "Anamuthandiza."

"Za njinga?"

"Ndinapita kukagula sopo. Kiyi anali pomwepo." Anayanika kansalu kaja. "Ndimangofuna ndimve mphepo kumaso. Kungofika pakona n'kubwerera, agogo asanadzuke."

"Mabuleki unkawadziwa pamene ali?"

"Ndimati ndiwapeza m'njira."

Agogo anaseka mpaka kutsamwa, ndipo mdzukulu wawo anawadzutsa n'kuwasisita pamsana, nayenso akubisa kumwetulira. Mayi ake okha ndi amene sanaseke. Anaperekeza mlendo mpaka pa kanjira kaja.

"Akapita kumpanda, ine ntchito ndisiya, palibe wina wowatembenuza bambo. Koma si zimenezo ayi." Anapukuta manja pa siketi ngakhale anali ouma. "Ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Sanagonepo kutali ndi ine."

Lachitatu Mayi Ludzu anakwera masitepe kupita kwa bwana wawo, bambo wa nsapato zolira amene ankakonda zinthu zolembedwa m'mizere yake. Anamvetsera zonse akuzunguza cholembera.

"Mwagwira njakata, mayi. Woweruza uyu mumamudziwa, bodza amadana nalo kuposa kuba. Mukalemba kuti anakutengerani kunyumba yobwereka, aona banja losadalirika. Mukabisa, ma adilesi awiri ali pachikuto pomwepa, afunsa, ndiye osadalirika mukhala inu. Ndipo taonani mzere uwu." Analoza pa fomu. "Wamkulu woyang'anira mwana masana. Mulembapo ndani? Nkhalamba yogona?"

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, akuwerenga ndi bondo. Kubisa sakanabisa. Zaka khumi ndi ziwiri za kutayipa nyumba zaukhondo zinawakwana. Koma mzere wopanda dzina uja unawavutitsa tsiku lonse, moti madzulo anathira mchere mu tiyi wa amuna awo, ndipo bamboyo anamwa osadandaula, n'kungofunsa ngati imeneyi ndi njira yatsopano yoyezera mabanja.

Lachinayi m'mawa anabwerera ku msewu wa mitengo osapangana. Mayi aakulu anatsegula geti ali ndi duku, wigi palibe, ndolo palibe. Sofa anali atavekedwanso mapulasitiki ake.

"Mwabwera kudzandimanga?"

"Ndi bondo ili? Mungandithawe. Ndikhale?"

Anakhala, pulasitiki ikulira pansi pawo. Mayi aakulu anayamba okha. Iwo ankangofuna kuthandiza. Nsalu ya pinki ija anagula ndi mtima wonse. Mwana wa mng'ono wako ndi wako yemwe, ndiye akanangokhala manja lende mwana akupita kumpanda?

"Ndikukhulupirira," anatero Mayi Ludzu. "Munthu wopanda chikondi sabwereketsa nyumba yake kuti anamizire boma. Kwa bambo anu munapitako liti?"

Mayiwo anayang'ana zala zawo. "Ndimatumiza zinthu. Sopo, mafuta, mashiti aja ndi anga." Anapumira m'mwamba. "Fungo limandidwalitsa, ndisaname. Ndiye amanditukwana. Ndikangolowa, ayamba: afika a Madamu, yalani kapeti."

"Amatukwana aliyense. Ine akuti ndanenepa ndi mabanja."

Mayi aakulu anafuna kudziletsa, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno.

"Tamverani, mayi. Zimene zinachitika Lachiwiri ndilemba zonse, ndi choikamo maluwa chomwe. Sindinabwere kudzakambirana zimenezo. Koma woweruza akazimva pakamwa panu asanaziwerenge, zidzalemera mosiyana. Chachiwiri ndi ichi." Anatulutsa fomu n'kuika chala pa mzere uja. "Mwana uja sakusowa bedi la pinki. Akusowa masana. Zaka zitatu sanakhalepo ndi masana akeake. Pano pakufunika dzina la munthu wamkulu amene adzakhale m'nyumba muja, kuti mwanayo adziwe kuti pali amene akumuona, komanso kuti nthawi zina atuluke ngati ana anzake. Pakakhala popanda dzina, ine ndilibe chomuikira kumbuyo."

"Kuwatembenuza sindingathe."

"Akuphunzitsani mwanayo. Ndi katswiri."

Mayi aakulu anadzuka, anakonza katani imene inali yokonzeka kale, anabwerera. Anangofunsa kuti khoti limayamba nthawi yanji.

Khoti la ana silinali ngati la akuluakulu. Chinali chipinda cha tebulo lalitali ndi mipando yapulasitiki, fani ikuzungulira mwaulesi kudenga. Woweruza anali bambo wa imvi, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Dalaivala anakhala pakati pa mayi ake ndi Mayi Ludzu. Mpando wa mayi aakulu unali wopanda munthu. Mayi Ludzu anapereka lipoti mzere uja uli wosalemba. Woweruza anatsegula tsamba loyamba.

Pamenepo chitseko chinatseguka, n'kulowa chipewa chachikulu chofiirira, mayi aakulu ali pansi pake, wefuwefu.

"Bwana woweruza, musanawerenge, ndili ndi mawu."

Anali ndi mawu ambiri. Anayambira pa ubwana wawo, mmene ankaberekera mng'ono wawo kumsana, anadutsa pa ukwati wawo, anafika pa nsalu ya pinki. Woweruza anayesa kawiri kuwadula, osatheka. Koma pofika pa bodza lija sanazungulire. Anati nzeru inali yawo, adilesi anasinthitsa ndi iwo, mng'ono wawo anachita kumukakamiza, ndipo mwana sanalankhule bodza ngakhale limodzi chifukwa sanampatse mpata wolankhula.

Woweruza anawerenga lipoti lonse mwakachetechete, masamba asanu. M'chipindamo munkangomveka fani. Mayi a Dalaivala anagwira mkono wa mwana wawo mpaka zala kusiya zizindikiro.

"Bodza lonamiza ofesi ya khoti si nkhani yaing'ono," anatero woweruza, akuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndikanalipeza ndekha, bwenzi tikukamba zina. Tsopano pali mzere uwu wopanda dzina."

"Lembanipo langa," anatero mayi aakulu. "Lachiwiri ndi Lachinayi."

"Ndi Loweruka," anatero woweruza.

"Loweruka ndimapita ku..."

"Munapeza mphamvu zokonza chipinda chonse chabodza, mayi. Loweruka simungalisowe. Masiku enawo ofesi ikambirane ndi mayi oyandikana nawo aja, zilembedwe." Kenaka anatembenukira kwa mtsikana. "Iwe, ukudziwa kuti pakhomo pa saluni paja pakanakhala mwana wamng'ono, lero sitikanaseka?"

"Ndikudziwa, bwana." Mawu ake anali ang'onoang'ono. "Ndimaziganiza."

"Uzipitiriza kuziganiza."

Chigamulo chinali chakuti akhale kwawo chaka chimodzi akuyang'aniridwa ndi Mayi Ludzu. Loweruka lililonse m'mawa azikasesa ku saluni kuja kwa miyezi isanu ndi umodzi. Akapepese kwa mwini njinga pamaso pa mayi ake. Azikaonekera ku ofesi Lachisanu lililonse lachiwiri. Akadzalakwanso, nkhani ya kumpanda idzayambira pamene yalekera. Mayi ake sanalire m'chipindamo. Anadikira mpaka pakhonde, n'kulirira paphewa pa akulu awo, chipewa chija chikuwaphimba onse awiri.

Lachiwiri lotsatira, cha m'ma thu koloko, Mayi Ludzu anali patebulo pawo akulemba za banja lina. Atakweza mutu anaona Dalaivala ataima pakhomo, chikwama cha mabuku kumsana.

"Lero si tsiku lako. Kwagwanji?"

"Palibe. Amayi aakulu abwera. Avala magolovesi ofika m'zigongono ndi kansalu kumphuno."

"Agogo akuti bwanji?"

"Akuti kwabwera adokotala a ng'ombe. Amayi aakulu akubwezera. Ndawasiya akukangana za amene anaswa wailesi kalekale ine ndisanabadwe." Anasuntha phazi. "Kutembenuza ndawaonetsa kawiri. Andiuza kuti ndichoke, ndibwere faivi."

"Ndiye wabwera kuno?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Sindikudziwa kumene anthu amapita."

Mayi Ludzu anaika cholembera pansi. Anang'amba kapepala n'kulembapo malo atatu: laibulale ya kuseri kwa positi ofesi, bwalo limene atsikana amaseweramo mpira wamanja Lachiwiri ndi Lachinayi, ndi kalabu ya zoimbaimba ya pasukulu yoyandikana nayo. Anajambulanso kamapu, ndi mtanda pamene pali chimbudzi chabwino.

"Sankha kumodzi. Kulikonse ukanene kuti ndakutuma ndine."

"Ndipita. Ndingopuma kaye pang'ono."

Anakakhala pa benchi ya m'khonde, pamene makolo amadikirira. Mayi Ludzu anabwerera ku lipoti lawo. Atamaliza ndime imodzi anasuzumira. Mwanayo anali atagona chammbali, chikwama atatsamira, kapepala kali m'manja, pakamwa pali pululu ngati khanda.

Anadzuka mwakachetechete n'kukauza wotayipa kuti atseke chitseko chake. Bambo wina amene anabwera kudzafunsa za mwana wake anamulowetsera khomo lakuseri. Kenaka pamasitepe panamveka nsapato zolira zija, bwana akutsika ndi mulu wa mafayilo, pakamwa atatsegula kale kuti aitane munthu. Mayi Ludzu anaima pansi pa masitepe, chala pamlomo, dzanja lina likuloza benchi. Bwana anayang'ana mwanayo, anayang'ana nsapato zake, n'kudutsa khonde lonse monyang'ama, mafayilo atawakumbatira pachifuwa.

Dalaivala anagona mpaka hafu folo. Podzuka anapukuta pakamwa ndi mkono, anawongola kapepala kaja pabondo n'kukawerenga bwinobwino, kenaka anasuzumira pakhomo la Mayi Ludzu n'kufunsa ngati kumpira wamanja kuja amalola munthu wopanda nsapato zampira.